NJINGA YA M'MAPIRI NDI NJIRA ZACE KU CAPE

Palibe munthu wokhala ku migodi kapena m'tauni amene sadziwa nchito ya njinga. Mamawa ali onse pa miseu ya ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya pamaoneka anthu opita ku nchito, ena atakweza mwana wa sukulu pa keliyala, ena atasanjika matumba a makala kufikira wopalasayo saonekanso kumbuyo. Kwa anthu otere njinga ndiyo bulu wa pa nyumba, ndipo mwini wace akafika pa citunda amatsika nayamba kukankha. Koma ulipo mtundu wina wa njinga umene anaupangira phiri leni-leni, ndipo alipo maiko kumene anthu amalipira ndalama kuti aloledwe kubvutika nayo m'tinjira ta miyala. Nkhani ino iri ya njinga imeneyo ndi ya njira zace m'cigawo ca Western Cape ku South Africa, kumene nkhalango, nyanja zazing'ono ndi minda yamphesa ziri moyandikana, kotero kuti munthu angathe kuziona zonse pa sabata imodzi ali pa cishalo.

CIYAMBI CACE

M'zaka za m'ma 1970 anyamata ena a ku Marin County, ku California m'dziko la America, anayamba kutola njinga zakale zolemera zimene eni ace anazitaya, nakwera nazo pa phiri la Tamalpais ndi pa mapiri ena apafupi, kuti atsetsereke pa miseu ya fumbi. Mu 1976 anayamba kupikisana pa mseu wina wotsetsereka kwambiri, umene anaucha Repack, ndiko kunena kulonganso. Makaniko ali yense adzamva msanga cifukwa ca dzinali. Mabuleki a njingazo anali m'kati mwa habu ya gudumu lakumbuyo, ndipo pofika m'munsi girizi yense anali atapsa nasanduka utsi, kotero kuti mwini njinga anayenera kumasula habu ndi kulongamo girizi wina asanakwerenso. Popeza njinga zakalezo zinali kuthyoka kawiri-kawiri, mmodzi wa iwo, Joe Breeze, anadzipangira yatsopano yolimba mu 1977. Anzace, Gary Fisher, Charlie Kelly ndi Tom Ritchey, anayamba kupanga zogulitsa, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inaturutsa njinga yochedwa Stumpjumper, imene munthu wamba anatha kuigula m'sitolo. Pofika 1996 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympics ku Atlanta.

Njinga ya m'mapiri ya lero isiyana ndi njinga yakuda ya ku komboni pa zinthu zingapo, ndipo ciri conse ciri ndi cifukwa cace. Matayala ace ali onenepa, opitirira mainchesi awiri m'lifupi, okhala ndi mano, ndipo sawapopa kolimba. Tayala lofewa limakumbatira mwala m'malo modumpha, ndipo siliterereka msanga pa mcenga. Ambiri mwa matayalawa alibe cubu. M'kati amathiramo madzi oyera onga utomoni wa mpira, ndipo munga ukaboola, madziwo amathamangira pa bowo nauma pomwepo, wopalasa osatsika konse. Kutsogolo, ndi pa njinga zambiri kumbuyonso, kuli zitsulo zonyutuka ndi mpweya ndi mafuta, zimene zimameza kugunda kwa miyala monga acitira masipuling'i a galimoto. Mabuleki sagwira limu iai, koma kambale kacitsulo kokhala pakati pa gudumu, ndipo amakankhidwa ndi mafuta, cifukwa cace matope ndi madzi siziwafoketsa. Magiya akumbuyo amafika khumi ndi awiri. Pokwera phiri wopalasa amasankha giya lalikuru, miyendo iri kuzungulira msanga koma njinga iri kuyenda ngati nkhono, ndipo motero amakwera pamene wina akadakankha. Njinga ya mpikisano imalemera makilogalamu 10 kapena 11, ndiyo theka la kulemera kwa njinga yonyamula makala. Koma keliyala iribe, ndipo thumba la ufa singalifikitse kunyumba.

NYENGO ZOTEMBENUKA

Wofuna kumva za njira za ku Cape ayambe wadziwa kuti nyengo za kumeneko ziri zotembenuka. Ku Zambia mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Marichi kapena Epulo. Ku Cape Town ndi ku Stellenbosch miyezi imeneyo ndiyo ya dzuwa, ya fumbi ndi ya mphepo yaukali yocokera ku nyanja, ndipo mvula imadza pa nyengo yacisanu, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Mpesa umakonda zotere: umamwa pa cisanu, ndipo zipatso zace zimapsa pa dzuwa popanda mvula yoziolesa. Koma kum'mawa, ca ku George ndi ku Knysna, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 500 kucokera ku Cape Town, mapiri a Outeniqua amachinga mitambo ya ku nyanja, ndipo mvula imagwa miyezi yonse. Kumeneko ndiko kuli nkhalango.

M'NKHALANGO YA KNYSNA

Nkhalango ya Knysna ndiyo yaikuru mwa nkhalango zacilengedwe za m'South Africa. Muli mitengo yochedwa yellowwood, imene ina yakhala zaka zoposa 600, ndi ina yochedwa stinkwood, ya matabwa a mtengo wapatali. Kwa zaka zambiri odula mitengo anaiononga ndithu, kufikira Boma linawacotsamo mu 1939. Kuyambira 2009 mbali yaikuru ya nkhalangoyi iri m'manja mwa Garden Route National Park, ndipo wopalasa njinga salowamo popanda cikalata ca cilolezo.

Njira yochuka koposa iri ku Harkerville, pakati pa Knysna ndi Plettenberg Bay. Kumeneko kuli njira zingapo zolembedwa ndi mitundu, ndipo yofiira ndiyo yobvuta, ya makilomita oposa 20. Imayamba mu mthunzi wa bii, pamene mizu yonyowa imaterera ngati sopo, nipita pa mitengo ina yaitali ya redwood imene anaibzala kucokera ku California zaka pafupi-fupi zana zapitazo, ndipo mwadzidzidzi imaturukira pamwamba pa matanthwe, nyanja ya mcere iri kuomba pansi. Pamenepo munthu wanzeru amatsika nayenda pansi pa malo ena, pakuti kugwa kwa pamenepo sikuli kwa kunyuka bondo cabe.

Anthu a ku migodi adzakondwera koposa ndi njira ya Homtini, imene iri kumpoto kwa Knysna, kufupi ndi malo ochedwa Millwood. Mu 1876 mlimi wina anatola kamwala ka golide mu mtsinje wa Karatara. Patapita zaka khumi mbiri inawanda, ndipo anthu mazana-mazana anakhamukira m'nkhalangomo, ena ocokera ku Australia ndi ku California. Anamanga mudzi wa mahotela, masitolo ndi positi, nakoka makina olemera ndi ng'ombe kupyola m'zigwa. Koma golide anali wocepa, ndipo nthawi yomweyo kunamveka za mwala wolemera wa ku Witwatersrand, kumene kunabadwa Johannesburg mu 1886. Zisanathe zaka khumi mudzi wa Millwood unafa. Lero wopita kumeneko amapeza maina a miseu pa malo opanda nyumba, mabowo a migodi m'mbali mwa phiri momwe mugona mileme, ndi makina a nthunzi a mgodi wa Bendigo. Munthu amene anaona mgodi ukutsekedwa sadzasowa womfotokozera cimene cinacitika pamenepo.

M'nkhalango yomweyi munali njobvu zambiri kale. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2019, atachera makamera m'tinjira kwa miyezi yambiri, anapeza njobvu imodzi yokha, yaikazi, ya zaka ngati 45.

NYANJA ZA KU WILDERNESS

Kumadzulo kwa Knysna, kuseri kwa milu ya mcenga ya m'mphepete mwa nyanja yaikuru, kuli nyanja zazing'ono zondondozana: Island Lake, Langvlei, Rondevlei, Swartvlei ndi Groenvlei. Swartvlei ndiyo yaikuru, ndipo madzi ace amasanganikana ndi a mcere pamene kamwa la mtsinje latseguka. Groenvlei iribe mtsinje woithira kapena woiturutsa. Imamwa madzi a pansi pa nthaka. Munthu wodziwa Bangweulu kapena Mweru angaseke pomva kuti awa achedwa nyanja, pakuti ali ngati mathamanda akuru, koma mbalame za m'madzi zicuruka kwambiri m'bango lace. Pamwamba pa nyanjazi pamapita mseu wakale wa Seven Passes, wa makilomita ngati 75 kucokera ku George kufikira ku Knysna, umene Thomas Bain ndi mlamu wace Adam de Smidt anaulambula pakati pa 1867 ndi 1883. Mseuwu umatsikira m'zigwa zakuya za mitsinje kasanu ndi kawiri, nukweranso, ndipo madzi a mitsinjeyo ali ofiirira ngati tiyi cifukwa ca masamba oola. Magalimoto ambiri amapita pa mseu watsopano wa m'munsi, cifukwa cace wakalewo unatsalira alimi ndi apanjinga.

M'MINDA YAMPHESA

Kumadzulo kweni-kweni nkhani isintha, pakuti kumeneko nthaka iri ndi eni ace. Vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Simon van der Stel anakhazika mudzi wa Stellenbosch mu 1679, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa mazunzo a cipembedzo, amene anapatsidwa malo m'cigwa cimene lero cichedwa Franschhoek. Minda imeneyi inalimidwa ndi akapolo ocokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku zisumbu za Indonesia, kufikira ukapolo unathetsedwa mu 1834, ndipo akapolowo anamasulidwa kweni-kweni mu 1838. Nyumba zoyera zokongola zimene wapanjinga amazidutsa lero zinamangidwa ndi manja a anthu amenewo.

Njira ya njinga ikati idutse m'mafamu khumi, pafunika kuti alimi khumi abvomere, ndipo mmodzi akakana njira yaduka. Cifukwa cace opalasa anapanga makalabu, monga ya ku Tygerberg kufupi ndi Durbanville, ndipo alimi a ku mapiri a Bottelary anagwirizana okha. Wopalasa amagula cilolezo ca tsiku kapena ca caka, namanga kabolodi ka nambala pa handulo, ndipo ndalamazo zimalipira okonza njira ndi odula mitengo yacilendo. Malamulo ace ali apafupi: kusaturuka m'njira, kutseka cipata ciri conse, kusathyola mphesa, kusasuta fodya, ndi kupatukira thirakitala, makamaka pa nyengo yokolola, kuyambira Januwale kufikira Epulo. Mlimi sapindula zambiri ndi cilolezoco. Cimene amayembekeza ndico kuti wopalasayo, atatopa, adzakhala pansi nagula cakudya ndi vinyo pa famupo. Akaona zipata zosiyidwa zotseguka ndi mipesa yothyoka, amakhoma loko, ndipo onse amalangidwa cifukwa ca mmodzi.

Kukonza kanjira ka njinga kuli luso lofanana ndi kukonza migula m'munda wa pa phiri. Mdani wamkuru sali tayala iai, koma madzi. Kanjira kotsika molunjika kamasanduka ngalande mvula yoyamba, kotero okonza amakayendetsa mopingasa phiri, mokhota-khota, nakapendeketsa pang'ono kuti madzi aoloke m'malo motsata njira. Pa ngodya amaunjika dothi ngati khoma lopendekeka kuti njinga ikhote ndi liwiro osagwa. Nchito yonseyi iri ya khasu, piki ndi wilibala. Pa malo ambiri njira zimalembedwa ndi mitundu: yobiriwira ndiyo ya ana ndi oyamba kumene, ya buluu ndi yofiira ziri za ozolowera, yakuda ndiyo ya akatswiri okha.

Pakati pa minda yamphesa ya Somerset West ndi cigwa ca Elgin, ca maapulo, paima mapiri a Hottentots Holland. Njira yakale yowaoloka ichedwa Gantouw, ndiko kunena njira ya nchefu m'cinenero ca Akhoekhoe, amene anapitamo ndi ng'ombe zao Azungu asanafike. Pambuyo pace ngolo za ng'ombe zinakwera momwemo, ndipo magudumu ace omangidwa anasema mizere m'thanthwe, imene ioneka kufikira lero, ngakhale ngolo zinaleka kupitamo pamene mseu wa Sir Lowry's Pass unatsegulidwa mu 1830. Mpikisano wa masiku atatu wochedwa Wines2Whales, umene unayamba mu 2009 ndi kulumikiza minda yamphesa ndi gombe la Hermanus kumene kumaoneka anamgumi, wadutsa pamenepo zaka zambiri. Pa malo amenewa lamulo liri lakuti onse atsike, ayende pansi ndi njinga zao, kuti mizere ija isafafanizike.

MOTO NDI MADZI

Njira zambiri zochuka ziri m'minda ya mitengo ya paini, monga ku Jonkershoek kuseri kwa Stellenbosch ndi ku Grabouw. Opalasa amaikonda cifukwa ca mthunzi, koma paini si mtengo wa dzikolo. Chire leni-leni la ku Cape ndilo fynbos, zitsamba zazifupi zimene zimafuna kupsa kamodzi pa zaka khumi kapena kuposerapo kuti mbeu zace zimere. Paini akapsa, moto wace umatentha koposa. Mu Marichi 2015 moto unanyeketsa mitengo ya ku Tokai ndi ya ku Jonkershoek, ndipo njira zinatsekedwa nthawi yaitali. Mu Juni 2017 moto wa ku Knysna unapha anthu nuononga nyumba mazana ambiri.

Ndiponso paini amamwa madzi ambiri kuposa fynbos. Akatswiri anayamba kuyesa zimenezi ku Jonkershoek komweko mu 1935, napeza kuti mitsinje imacepa pamene phiri labzalidwa paini. Nkhaniyi inafika pa khomo la munthu ali yense mu 2018, pamene damu la Theewaterskloof, lalikuru koposa mwa madamu omwetsa Cape Town, linatsika kufikira pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo munthu ali yense m'mzindamo analoledwa malita 50 okha pa tsiku. Tsono pamene paini adulidwa osabzalidwanso, wapanjinga amadandaula kuti mthunzi wapita, koma mtsinje umapindula.

MPIKISANO WAUKURU, NDI AMENE AKWERAMO

Cimene cinachukitsa njira zonsezi pa dziko lapansi ndico mpikisano wa Cape Epic. Anauyambitsa Kevin Vermaak, ataona mpikisano wina ku Costa Rica. Woyamba unacitika mu 2004, kucokera ku Knysna kufikira ku famu yamphesa ya Spier kufupi ndi Stellenbosch, makilomita pafupi-fupi 800 pa masiku asanu ndi atatu, ndipo anapambana Karl Platt wa ku Germany ndi Mannie Heymans wa ku Namibia. Kuyambira 2009 mpikisanowu suyambiranso ku Knysna, koma umazungulira m'mapiri ndi m'minda ya kufupi ndi Cape Town, ndipo njira yace imasintha caka ndi caka. Opikisana amakwera awiri-awiri, ndipo lamulo liri lakuti asatalikirane kopitirira mphindi ziwiri. Wamphamvu sangathawe mnzace wofoka. Ayenera kumdikira, kumchingira mphepo, kapena kumkankha pa msana pokwera. Anthu ogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kale lamulo lotere.

Koma pali funso limene mlendo ali yense amadzifunsa akaima m'mbali mwa njira: okwera ndani, ndipo oonerera ndani? Anchito a m'minda yamphesa akhala mwa anthu olandira zocepa koposa m'dzikomo. Kwa mibadwo yambiri gawo la malipiro ao linali vinyo, mwambo wochedwa dop, umene lamulo linauletsa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirira mobisika zaka zambiri, nusiya ucidakwa ndi ana obadwa olumala m'midzi ya m'mafamu. Mu Novembala 2012 anchito a ku De Doorns ananyanyala nchito, nafuna R150 pa tsiku m'malo mwa R69, ndipo mu Marichi 2013 Boma linakweza malipirowo kufika R105. Pa malipiro amenewo, njinga ya R50,000, imene sinali yodula koposa zonse pa mpikisano, inali nchito ya masiku 476 munthu osadya kanthu. Pakati pa anchitowa lero pali ambiri ocokera ku Zimbabwe, ku Lesotho ndi ku Malawi.

Ena anayesa kucepetsa mpata umenewu. Mu 2008 Songo Fipaza wa ku Kayamandi, komboni ya ku Stellenbosch, pamodzi ndi katswiri wa ku Switzerland Christoph Sauser, anayamba kalabu yophunzitsa ana a m'komboni kukwera njinga ndi kuwathandiza pa za sukulu. Mu 2012 kampani ya migodi ya malasha ya Exxaro inayamba kupereka malaya a ulemu pa Cape Epic kwa acinyamata ocokera m'mabanja amene tsankho linawatsekereza kale. Sauser anakwera m'dzina la kalabu ya ku Kayamandi ija, ndipo mu 2011 ndi 2012 anapambana mpikisano wonse pamodzi ndi Burry Stander, amene anali munthu woyamba wa ku South Africa kuupambana.

Stander sanafere pa thanthwe kapena m'nkhalango. Pa 3 Januwale 2013, ali ndi zaka 25, anagundana ndi minibasi pa mseu wa tala ku Shelly Beach m'cigawo ca KwaZulu-Natal, akucokera kokonzekera mipikisano. Caka comweco Boma la Western Cape linaika lamulo lakuti woyendetsa galimoto, popitirira munthu wa pa njinga, asiye mpata wosacepera mita imodzi. Lamulolo silisiyanitsa njinga ya mpikisano ndi njinga yakuda ya munthu wopita ku nchito mamawa.